Antchito Obisika m'Diso la Kalulu

Tikamaphunzira za diso timathamangira maselo amene amalandira kuwala. Koma mu retina, kachikopa kopyapyala koyala kumbuyo kwa diso, muli maselo enanso amene saona kanthu, komabe popanda iwo sitingaone. Amatchedwa maselo a Müller, potengera dzina la Heinrich Müller amene anawafotokoza mu 1851.

Selo lililonse la Müller limaima ngati mzati, kuchokera mbali ya mkati ya retina kukafika mbali ya kunja. Limachotsa glutamate, mankhwala amene maselo a mitsempha amatumizirana nawo uthenga, chifukwa akachuluka amapha maselowo. Limayamwanso potaziyamu ndi madzi otsala, n'kusunga shuga wa nthawi ya njala.

Nanga bwanji kalulu? Mbali yaikulu ya retina yake ilibe mitsempha ya magazi. Mpweya wa okosijeni umachokera kumbuyo, m'chikopa chodzaza magazi chotchedwa choroid. N'chifukwa chake timagawo topanga mphamvu m'maselo a Müller a kalulu timaunjikana kumapeto oyandikana ndi choroid. Ndipo maselo ena othandizira, otchedwa astrocyte, amapezeka pokhapokha pamene pali mitsempha ya magazi. Kwina konseko, ntchito yambiri imagwera a Müller.

Asayansi, monga Andreas Reichenbach wa ku Leipzig, atawerenga ndi kuyeza maselowa anapeza kuti sali ofanana paliponse. Kalulu ali ndi kamzera kopingasa pa retina kamene amaonera bwino kwambiri, kuti azindikire mdani ali patali. Pakamzerapo retina ndi yochindikala, ndipo maselo a Müller ndi ambiri, aatali ndi oonda. Kumphepete, kumene retina ndi yopyapyala, ndi ochepa, aafupi ndi onenepa. Kutalika kwa selo kumatsata kuchindikala kwa retina, ndipo kuchuluka kwake kumatsata kuchuluka kwa maselo ofuna chisamaliro.

Izi zikutikhudza. Matenda a shuga akamawononga maso, maselo a Müller amalephera kuchotsa madzi ndi glutamate moyenera, retina n'kuyamba kutupa. Choncho wachibale wodwala shuga tizimulimbikitsa kukapimitsa maso asanayambe kuona mwachimbuuzi.

Funso lokambirana: retina ya munthu ili ndi mitsempha ya magazi mkati mwake. Kodi tingayembekezere kupeza timagawo topanga mphamvu tija mbali iti ya selo?