Kukonzekera Msonkhano wa Alembi a Nkhani Zopeka Zachikhristu

Makampani akuluakulu osindikiza nkhani zopeka zachikhristu ku America, monga Bethany House, Revell, Tyndale House ndi Thomas Nelson, kawirikawiri salandira buku lochokera kwa mlembi wosadziwika. Mlembi wotere amawafikira kudzera mwa ejenti, munthu amene amagulitsa bukulo m'malo mwake n'kutengapo ndalama 15 pa 100 zilizonse zimene mlembiyo wapeza, kapena kudzera m'misonkhano ya alembi, kumene akonzi ndi maejenti amabwera kudzaonana ndi alembi maso ndi maso. Choncho chimene mlembi watsopano amalipirira kwenikweni akamapita kumsonkhano wotere ndi mphindi zochepa zokhala pansi ndi munthu amene angathe kugula buku lake. Zokonzekera zonse ziyenera kuloza pa mphindi zimenezo.

Ntchito imayamba ndi kusankha msonkhano. Wodziwika kwambiri pa nkhani zopeka ndi wa bungwe la American Christian Fiction Writers, lomwe linayamba mu 2000 ngati gulu la alembi a nkhani zachikondi lisanakule n'kusintha dzina. Msonkhano wa Blue Ridge Mountains Christian Writers Conference, umene umachitikira ku North Carolina, ndi wa Write-to-Publish, wa ku Wheaton m'chigawo cha Illinois, imalandira alembi a mabuku amitundu yonse. Wolemba nkhani za maiko ongoyerekeza kapena za sayansi angapindule kwambiri ku Realm Makers. Palinso LittWorld, wokonzedwa ndi Media Associates International, umene unachitikirapo ku Kenya ndi ku Singapore. Umenewu umasonkhanitsa alembi ndi osindikiza achikhristu ochokera m'maiko ambiri, ndipo mphamvu yake ili pa maphunziro ndi kudziwana, zimene mlembi wa mu Africa angazipeze zothandiza kuposa ulendo wodula wa ku America. Asanalipire kanthu, mlembi awerenge mndandanda wa akonzi ndi maejenti amene adzabwere, aone mtundu wa nkhani umene aliyense akufuna. Ngati palibe wofuna mtundu wa buku lake, msonkhanowo si wake chaka chimenecho.

Kenako buku lithe. Mlembi wa nkhani yopeka amene sanasindikizepo sagulitsa maganizo chabe kapena mitu itatu yoyamba. Akonzi amafuna kudziwa kuti munthuyu angathe kuyendetsa nkhani mpaka kumapeto. Kutalika kwake kukhale kogwirizana ndi msika: mabuku ambiri a makampani aja amakhala ndi mawu apakati pa 80,000 ndi 100,000, pamene a Love Inspired, omwe ndi aafupi, amakhala ndi mawu pafupifupi 55,000. Mpikisano wa Genesis, umene American Christian Fiction Writers imakonzera alembi osasindikiza, ndi njira yabwino yoyezera masamba oyamba, chifukwa oweruza amapereka ndemanga zawo.

Chovuta kwambiri ndi kufotokoza buku lonse m'ziganizo ziwiri kapena zitatu, ndipo apa ndi pamene alembi achikhristu atsopano amapunthwa. Ambiri akafunsidwa za buku lawo amayankha kuti likuphunzitsa chikhululukiro, kapena kuti likuonetsa kukhulupirika kwa Mulungu. Zimenezo n'zoona, koma mabuku mazana ambiri amanena zomwezo, ndipo mkonzi sangathe kusiyanitsa limodzi ndi linzake. Iye akufuna kumva za munthu, chimene munthuyo akufuna, chimene chikumutchinga, ndi chimene ataye akalephera. Mwachitsanzo: mkazi wamasiye wa m'busa wazindikira kuti mwamuna wake ndiye anaba ndalama zomangira tchalitchi, akaulula ataya nyumba ndi ulemu, akabisa mnyamata wosalakwa apitiriza kukhala m'ndende. Mawu akuti chikhululukiro sanatchulidwe, komabe aliyense akumva kuti nkhaniyo ikafika kumeneko. Chikhulupiriro m'nkhani yopeka chimaonekera pa zimene anthu ake akusankha zinthu zikawathina.

Pali mawu ena oyenera kuwapewa ngakhale atachokera pansi pa mtima. Kuuza mkonzi kuti Mulungu ndiye anapereka bukuli ndipo siliyenera kusinthidwa kumamuika pamalo ovuta, chifukwa ntchito yake ndi kukonza. Akonzi a mabuku achikhristu ambiri ndi okhulupirira, ndipo amalemekeza maitanidwe a mlembi, koma amafunanso munthu wophunzitsika. Kudziyerekeza ndi alembi otchuka monga Francine Rivers kapena Janette Oke nakonso sikuthandiza. Bwino kutchula mabuku awiri a zaka zaposachedwa amene owerenga ake angakondenso bukuli.

Zonsezi zimalembedwa pa pepala limodzi lotchedwa one-sheet: mutu wa buku, mtundu wake, kuchuluka kwa mawu, kufotokoza kwachidule kuja, mbiri yaifupi ya mlembi ndi adiresi yake ya imelo. Mlembi atengenso chidule cha nkhani yonse chosabisa mathero, ndi mutu woyamba wosindikizidwa bwino. Buku lonse lisanyamulidwe. Palibe mkonzi amene angakwere nalo ndege.

Nthawi yoonana ndi mkonzi kapena ejenti nthawi zambiri imakhala mphindi 15, ndipo m'misonkhano ina imasankhidwa polembetsa, kotero wolembetsa mochedwa amapeza otsala. Mlembi afike nthawi isanakwane, apereke moni, adzitchule dzina, apereke pepala lija, anene nkhani yake mwachidule, kenako akhale chete. Theka la nthawiyo ndi la mkonzi, ndipo mafunso ake ndi amtengo wapatali: akafunsa chifukwa chimene munthu wam'nkhaniyo sanangothawa, waonetsa pamene nkhaniyo ikufooka. Akakana, mlembi asatsutse. Afunse chimene chingalimbitse bukulo, alembe yankho. Nthawi ikatha adzuke, chifukwa mnzake akudikira.

M'misonkhano yambiri akonzi ndi aphunzitsi amakhala pa matebulo osiyanasiyana nthawi yachakudya, ndipo ndi mwayi winanso wolankhula, malinga ngati mlembi apatsa mpata anzake a patebulopo. Maphunziro asankhidwe molingana ndi msinkhu wake: wolemba buku loyamba amafunika kalasi ya kamangidwe ka nkhani kuposa ya kutsatsa malonda. Alembi anzake asawanyalanyaze, pakuti ndi mwa iwo mmene angapeze omuwerengera zolemba zake moona mtima. Achenjerenso ndi aliyense wopempha ndalama kuti awerenge kapena asindikize buku. Ejenti weniweni amalandira zake buku likagulidwa.

Mkonzi kapena ejenti akapempha mitu itatu kapena buku lonse, mlembi alembe nthawi yomweyo chimene chapemphedwa ndi njira yotumizira. Akabwerera kwawo akonze zimene anauzidwa, atumize pasanapite masabata ambiri, ndipo pamutu pa imelo atchule dzina la msonkhano ndi kuti zolembazo zinachita kupemphedwa, kuti zisasokonekere pakati pa zongotumizidwa. Yankho lingatenge miyezi ingapo. Ikadutsa nthawi imene mkonziyo ananena, kalata imodzi yaulemu yokumbutsa ndi yokwanira, ndipo podikirapo mlembi ayambe kulemba buku lachiwiri, chifukwa ejenti akachita chidwi amafunsa chimene chikubwera pambuyo pa loyambalo.