Khonsolo Ndi Inu: Kabuku ka Wokhala M'makwalala a Blantyre

Mvula yoyamba ikagwa ku Ndirande, ku Bangwe kapena ku Chilomoni, ngalande zimalavula zonse zimene tinaziponyera m'chilimwe: majumbo, mabotolo, zitsononkho za chimanga, matewera a ana. Madzi akasefukira n'kulowa pakhonde, mawu amene amamveka ndi amodzi: “Boma likutani kodi?” Funsolo ndi loyenera, koma boma lili ndi zitseko zambiri, ndipo munthu wogogoda pa chitseko cholakwika amangotha nsapato.

Chitseko chapafupi ndi ife okhala m'tauni ndi khonsolo ya mzinda. Malikulu ake ali ku Civic Centre, ku Chichiri. Mphamvu zake zimachokera m'malamulo oyendetsera dziko a 1994 komanso m'lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998. Ntchito za khonsolo ndi monga kuchotsa zinyalala n'kukataya ku Mzedi, kusamalira misika, manda, zimbudzi za aliyense, misewu ya m'makwalala ndi ngalande zake, magetsi a mumsewu, kuzimitsa moto, kuvomereza mapulani a nyumba ndi kupereka ziphaso za bizinesi. Koma paipi ikaphulika, nkhaniyo ndi ya Blantyre Water Board. Thiransifoma ikapsa, imbirani a ESCOM. Misewu ikuluikulu yolumikiza maboma ili m'manja mwa Roads Authority.

Khansala ndi ndani, nanga si ndani

Khonsolo ili ndi mbali ziwiri. Mbali ina ndi ya makhansala, amene timawavotera m'mawodi athu zaka zisanu zilizonse. Iwo amasankha meya pakati pawo, amavomereza bajeti ndi kukhazikitsa malamulo a mumzinda. Mbali inayo ndi ya ogwira ntchito olembedwa, motsogozedwa ndi mkulu woyendetsa ntchito za khonsolo: mainjiniya, a zaumoyo, a mapulani, otolera ndalama.

Ambiri sitinazolowere khansala, ndipo pali chifukwa chake. Makhansala amene anasankhidwa mu 2000 nthawi yawo itatha mu 2005, dziko linakhala zaka 9 popanda ena mpaka chisankho cha 2014. M'zaka zimenezo tinaphunzira kutengera nkhani ya kamlatho ka m'dera kwa phungu wa Nyumba ya Malamulo, ndipo chizolowezicho sichinatichoke. Komanso taonjeza china: kumuyesa khansala ngati malume olemera, woti agule bokosi pamaliro ndi kulipirira ana fizi. Ntchito yake si imeneyo. Iye ndi pakamwa pa wodi yanu m'misonkhano ya khonsolo. Alibe mphamvu yogawa puloti kapena kusainira chiphaso cha bizinesi, ndipo khansala wokulonjezani zimenezi muzimuyang'ana kawiri.

Misonkhano ya khonsolo yonse si yachinsinsi. Nzika ili ndi ufulu wokakhala kumbuyo n'kumamvetsera, ngakhale kuti siivota. Mipando ya anthu wambayo nthawi zambiri imakhala yopanda anthu, zomwe ndi zachisoni, pakuti ndi m'chipinda chimenecho mmene mumadziwika ngati msewu wa kwanu walowa mu bajeti kapena ayi.

Msonkho wa nyumba

Apa ndi pamene pamakhala mkangano waukulu, ndiye tiyeni tikhalitsepo.

Msonkho umene ambiri amautcha ma city rates ndi wa mwini nyumba kapena malo, osati wochita lendi, pokhapokha ngati munagwirizana zina polemberana. Usasokonezedwe ndi ground rent, imene imapita kwa mwini nthaka amene anakupatsani lizi, kaya ndi Unduna wa za Malo, kaya ndi Malawi Housing Corporation, kaya ndi khonsolo yomwe. Munthu angathe kukhala kuti ground rent analipira yonse koma ali ndi ngongole ya msonkho wa mzinda, n'kumadabwa kuti kalata yachikumbutso yabwereranji.

Ndalama imene mumalipira imatengera mtengo wa malo ndi nyumba yanu monga anauwerengera akatswiri oyesa mitengo ya nyumba. Mitengo yonseyo imalembedwa m'kaundula amene lamulo limati azikonzedwanso zaka zisanu zilizonse. Kaundula watsopano akatuluka, khonsolo imalengeza n'kumuika poyera kuti eni nyumba akaone. Imeneyo ndiyo nthawi yanu. Pitani mukaone nambala ya puloti yanu. Mukapeza kuti nyumba ya zipinda ziwiri yalembedwa ngati ya zipinda zisanu, kapena kuti dzina likadali la amene anakugulitsani, lembani kalata yotsutsa masiku amene atchulidwa m'chilengezocho asanathe. Mukachedwa, mudzalipira za nyumba imene mulibe.

Ena amati, “Galimoto ya zinyalala sinafikepo kwathu kuno, ndilipirirenji?” Mtima wa funsoli ndimaumvetsa. Koma kudandaula za ntchito yosagwirika sikufafaniza ngongole. Imangokwera, ndipo ikakhalitsa lamulo limalola khonsolo kupita kukhoti mpaka nyumbayo kugulitsidwa. Njira yabwino ndi kupita ku ofesi ya zachuma, kupempha sitetimenti yonse ndi kukambirana zolipira pang'onopang'ono. Mukatero mumakadandaula za zinyalala muli ndi risiti m'manja, ndipo mawu anu amalemera.

Risiti imeneyi musaipeputse. Mayi wina woyandikana nafe ankasunga mapepala ake onse m'chitini cha mabisiketi pansi pa bedi, atawakulunga mu jumbo chifukwa cha chinyontho ndi mphemvu. Ana ake ankamuseka. Atamwalira, achibale a mwamuna wake anabwera ndi nkhani yoti nyumbayo inali ya kwawo. Chitinicho chitatsegulidwa pamaso pa ankhoswe, munatuluka kalata yogulira malo ndi marisiti a zaka zambiri, onse m'dzina la mayiyo, ena atachita kufiira ndi ukalamba. Nkhani inathera pomwepo.

Musanakumbe fawundeshoni

Kugula puloti si chilolezo chomangira. Lamulo la mapulani a malo la 2016 limafuna kuti aliyense womanga mumzinda, ngakhale wongowonjezera chipinda, mpanda wa njerwa kapena kusandutsa nyumba yogona kukhala sukulu ya mkaka, ayambe wapereka pulani yake kuti ivomerezedwe. Mumatenga mapepala osonyeza kuti malowo ndi anu ndi pulani yojambulidwa ndi munthu wodziwa ntchitoyo, mumalipira ndalama yoti aiunike, kenako komiti ya mapulani imakhala pansi. Ikakana, muli ndi ufulu wouzidwa chifukwa ndi kuchita apilo.

Koma choyamba, musanapereke ndalama kwa wogulitsa, pitani mukafunse ngati malowo ndi omangapo. Kalata ya mfumu ya m'dera ndi mboni ziwiri zimathandiza pa mkangano wa pakati pa inu ndi wogulitsayo, koma sizisandutsa mphepete mwa mtsinje wa Mudi, pansi pa mawaya a magetsi kapena mtsetse wa phiri kukhala malo a nyumba. Amene anaona Chilobwe m'mwezi wa Marichi 2023, namondwe Freddy atagumula matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche, safuna kuuzidwa kawiri. Zoona zake n'zakuti ambiri anakamanga kumeneko chifukwa malo ovomerezeka ndi osowa ndiponso odula, osati chifukwa cha mwano. Komabe phiri silinafunse zimenezo.

Okala, saluni, malo odyera

Kulembetsa dzina la bizinesi ku ofesi ya boma yolembetsa mabizinesi ndi kwina, kutenga nambala ya msonkho ku MRA ndi kwina, chiphaso cha khonsolo ndi kwinanso. Chiphasochi chimakonzedwanso chaka ndi chaka, ndipo chiyenera kupachikidwa poonekera. Wogulitsa zakudya amayenderedwa ndi a zaumoyo, amene amaona madzi, chimbudzi ndi ukhondo wa ophika. Mowa uli ndi chiphaso chakechake chokhala ndi maola otsegulira ndi kutsekera. Ngati bala ya pafupi ndi kwanu ikuliza nyimbo mpaka tambala woyamba, imeneyo ndi nkhani yokadandaula ku khonsolo.

Wa mumsika amadula tikiti ya tsiku. Wotolera akati mupereke theka koma osalandira tikiti, dziwani kuti theka limenelo silifika kumene likanakonzera chimbudzi cha msikawo. Kugulitsa m'mbali mwa msewu n'koletsedwa, ndipo mavenda akale amakumbukira Operation Dongosolo ya 2006, imene inawachotsa m'misewu. Katundu wanu akalandidwa, funsani dzina la amene walanda, kumene akupita naye ndi pepala losonyeza zimene zatengedwa. Kuphwanya lamulo la msika sikupatsa munthu aliyense ufulu wokumenyani.

Chenjeraninso ndi madobadoba, aja okupezani pageti n'kukuuzani kuti, “Bwana, bweretsani fayiloyo, ndili ndi munthu wanga mkatimo.” Ndalama ya boma imalipidwa pa kauntala kapena ku banki, ndipo imabwera ndi risiti yodinda. Wopempha ya fanta kuti fayilo iyende akupempha chiphuphu, ndipo bungwe la ACB linakhazikitsidwa kuti lizilimbana ndi zomwezo. Wopereka naye amakhala wapalamula.

Akakukanizani, kapena akangokhala chete

Ndime 43 ya malamulo oyendetsera dziko imapatsa munthu aliyense ufulu wochitiridwa chilungamo ndi maofesi a boma, komanso wopatsidwa zifukwa zolembedwa pamene chiganizo cha ofesi chakhudza ufulu wake. “Bwerani mawa” si chifukwa. “Abwana atuluka” si yankho. Ndime 37 imanena za ufulu wopeza uthenga umene boma likusunga, ndipo lamulo lake la 2017 linayamba kugwira ntchito pa 30 Seputembala 2020. Pogwiritsa ntchito lamulo limeneli mungafunse bajeti ya khonsolo, dzina la kontilakitala amene anapatsidwa ntchito ya msewu wa kwanu ndi ndalama zimene anagwirizana. Ofesi iyenera kuyankha pasanathe masiku 15 ogwira ntchito, ndipo ikapanda kutero, bungwe la Malawi Human Rights Commission ndilo limayang'anira lamuloli.

Dandaulo lililonse lilembeni. Chichewa n'chokwanira, simufunika loya kapena Chingerezi cha m'mabuku. Lembani tsiku, dzina lanu, wodi yanu, nambala ya puloti, chimene chachitika ndi chimene mukufuna chichitike, zonse pa tsamba limodzi. Kalatayo ipite kwa mkulu woyendetsa ntchito za khonsolo, ina yofanana nayo kwa khansala wanu. Pokapereka tengani makope awiri, ndipo musachoke asanakudindireni pa kope yanuyo n'kulembapo tsiku. Ngati vutolo ndi la mzere wonse wa nyumba, monga ngalande kapena mulu wa zinyalala, sainani ambiri, ndipo mudzere ku komiti ya chitukuko ya wodi yanu kuti nkhaniyo ilowe m'maminitsi.

Mwezi ukatha popanda yankho, lembani chikumbutso chotchula tsiku la kalata yoyamba. Zikakanikabe, tengani makope onse odindidwa aja kupita nawo ku ofesi ya Ombudsman, imene imafufuza madandaulo okhudza maofesi a boma popanda kulipiritsa. Ngati nkhaniyo ndi yoti khoti lalikulu liunikenso chiganizo cha khonsolo, monga notisi yoti nyumba yanu igwetsedwe, musadikire zikumbutso: nthawi yokasuma ndi miyezi itatu yokha. Amene alibe ndalama ya loya apite ku Legal Aid Bureau tsiku lomwe alandira notisiyo, ataitenga pamodzi ndi chiphaso cha unzika ndi mapepala onse a malowo.