UBALE WA SUKULU ZA KUNO NDI SUKULU ZA MAIKO ENA: PHUNZIRO KWA APHUNZITSI A KU THAMBANI

Mwana wa ku Thambani m'boma la Mwanza akakwera phiri nayang'ana chakumadzulo, amaona dziko la Mozambique. Dziko lachilendo lili naye pafupi chotere, koma kawirikawiri mwanayo amatsiriza Sitandade 8 asanalembepo kalata ngakhale imodzi kwa mnzake wa dziko lina. Aphunzitsi ambiri adamva kuti sukulu zina za m'Malawi zili pa ubale ndi sukulu za kutsidya kwa nyanja, ndipo afunsa kuti: kodi ubale wotere umayamba bwanji, nanga phindu lake n'chiyani? Phunziro lino liyankha mafunso amenewa, kuti aphunzitsi, makolo ndi akatekisiti adziwe poyambira ndiponso mbuna zoyenera kuzilewa.

I. UBALE UMENEWU N'CHIYANI?

Ubale wa sukulu ndi pangano la sukulu ziwiri za maiko osiyana, lakuti ana ao aphunzire chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, ndi kuuzana zimene apeza. Chotero mutu wa ubalewo ndiwo maphunziro. Mphatso zingathe kubwera kapena osabwera, koma ngati ana sanaphunzire kanthu, ubalewo sunapindule.

Apa mpamene ambiri amasokera. Amayesa kuti sukulu ya ku Ulaya ndi nkhokwe, ndipo sukulu ya kuno ndi lichero longolandirira. Akuluakulu adautchula ubale wotere chibwenzi cha nkhwangwa, chokoma pokwera. Katundu akaleka kubwera, makalata alekanso, ndipo ana a mbali zonse ziwiri atsala ndi phunziro loipa: awa aganiza kuti Mmalawi ndi wopempha, awo aganiza kuti mzungu ndi thumba la ndalama.

II. KUMENE ZIDACHOKERA

Maganizo olumikiza ana a maiko osiyana si atsopano. M'chaka cha 1843 Episkopi Charles de Forbin-Janson wa ku Nancy m'dziko la France adayambitsa bungwe limene kuno litchedwa Utumiki wa Ana, pofuna kuti ana athandize ana anzao a kutali. M'chaka cha 1953 bungwe la UNESCO lidayamba kulumikiza sukulu za maiko ambiri, kuti ana amene adabadwa itangotha nkhondo yaikulu yachiwiri aphunzire kukhala mwamtendere. M'chaka cha 1988 sukulu zina za ku New York ndi za ku Moscow zidayamba kulemberana pa makina a kompyuta, ndipo ntchito imeneyo idakula nkukhala bungwe la iEARN, limene lalumikiza aphunzitsi a maiko ochuluka.

Kwa Amalawi njira yopondeka kwambiri ndiyo ya ku Scotland. David Livingstone adabadwira ku Blantyre wa ku Scotland m'chaka cha 1813, ndipo mishoni imene idakhazikitsidwa kuno mu 1876 idatenga dzina la mudzi wakewo. M'chaka cha 2004 kudabadwa bungwe la Scotland Malawi Partnership. Mu Novembala 2005 Pulezidenti Bingu wa Mutharika ndi Jack McConnell, amene adali nduna yaikulu ya Scotland, adasaina pangano la mgwirizano ku Edinburgh, ndipo mu 2018 Pulezidenti Peter Mutharika ndi Nicola Sturgeon adasaina pangano lina lopitiriza ubalewo. Kumbali ya kuno kuli bungwe linzake, la Malawi Scotland Partnership, limene likulu lake lili ku Lilongwe. Mabungwe awiriwa amalangiza sukulu zofuna ubale, ndipo mwa mfundo zao muli izi: kukonzera pamodzi, kulemekezana, kuchita zinthu poyera, kupatsana mbali zonse ziwiri, ndi kusavulaza munthu.

Padalinso ntchito ya British Council yotchedwa Connecting Classrooms, imene inkapereka ndalama zoti aphunzitsi ayenderane. Ntchito imeneyo idatha. Mphunzitsi atolepo nzeru iyi: thandizo la mabungwe limabwera ndi kupita, tsono ubale umangidwe pa zinthu zimene sukulu ingathe kuchita ndi mphamvu zake.

III. MNANSI WOYAMBA NDIYE WA PAFUPI

Asanaganize za Ulaya, mphunzitsi wa ku Thambani akumbukire kuti Mozambique nalonso ndi dziko lina. Anthu ambiri a m'chigawo cha Tete amalankhula Chinyanja, ndipo mabanja ambiri a ku Mwanza ali ndi abale kutsidya kwa malire. Pa nkhondo imene idatha ndi pangano la ku Roma pa 4 Okutobala 1992, anthu oposa miliyoni imodzi a ku Mozambique adathawira m'Malawi, ndipo Mwanza adalandirako ambiri. M'zaka za 2015 ndi 2016 enanso adafika pa Kapise, asanawasamutsire ku Luwani m'boma la Neno.

Chotero ubale ndi sukulu ya ku Zobue kapena ya m'mudzi wina wa m'malire sufuna ndege. Ana a kumeneko amaphunzira m'Chipwitikizi, a kuno m'Chingerezi, koma onse angamvane m'chinenero cha kwao. Angathe kulemba pamodzi kabuku ka mau a zinenero zitatu: maina a mbeu, a ziweto, a ziwalo za thupi ndi mau a pa msika. Koma popeza malire ndi malire, aphunzitsi asaolotse ana popanda chilolezo cha makolo, cha akulu a maphunziro ndi cha akulu oyang'anira za kulowa ndi kutuluka m'dziko.

IV. NJIRA ZISANU NDI IMODZI ZOYAMBIRA

1. Kufunsana pa sukulu. Mutu umodzi susenza denga. Mphunzitsi amene wagwidwa mtima ndi nkhaniyi ayambe wakamba ndi mphunzitsi wamkulu, kenaka ndi komiti ya sukulu, bungwe la makolo ndi aphunzitsi, gulu la amai ndi nyakwawa. Ngati sukuluyo ndi ya Mpingo, Bambo Mfumu adziwenso. Mlangizi wa zoni, amene ambiri amutcha PEA, auzidwe msanga, kuti iye akadziwitse ofesi ya maphunziro ku boma.

2. Kusankha anthu atatu. Ntchito isakhale ya munthu mmodzi, pakuti aphunzitsi amasamutsidwa. Ubale umene adiresi yake ili m'foni ya mphunzitsi mmodzi umasamuka naye. Pakhale aphunzitsi awiri, mwamuna ndi mkazi ngati nkotheka, ndi kholo limodzi. Ndipo pakhale kope lalikulu losungidwa mu ofesi, m'mene alembamo kalata iliyonse yopita ndi yobwera.

3. Kulemba mbiri ya sukulu. Tsamba limodzi likwanira: dzina la sukulu, chaka chimene idayamba, chiwerengero cha ana ndi aphunzitsi, zinenero, mbeu zimene makolo amalima, masewera a ana. Alembe zimene sukulu ingaphunzitse anzao, asanalembe zimene isowa. Kalata yoyamba yodzaza ndi madandaulo imabala chifundo, koma siibala ulemu.

4. Kufuna bwenzi pa njira yodziwika. Kalata ipite ku Malawi Scotland Partnership, kapena ku ofesi ya maphunziro ya dayosizi, kapena kwa ansembe ndi asisteri a zipani zimene zili ndi sukulu m'maiko ena. Munthu wosadziwika wa pa Facebook amene alonjeza ubale atalandira ndalama, ameneyo amukane.

5. Kupangana m'kalata. Sukulu ziwirizo zilembe pangano lalifupi: cholinga, ntchito ya chaka choyamba, maina a otsogolera, nthawi yolemberana, ndi tsiku lodzaonanso ngati ubalewo upitirire. Ayang'anenso kalendala. Chaka cha sukulu chimayamba mu Seputembala kuno, mu Ogasiti ku Scotland, ndi cha mu Febuluwale ku Mozambique. Nthawi ya ku Scotland imatsalira ndi maola 2 m'miyezi yao yozizira, ndi ola limodzi m'miyezi yao yotentha.

6. Kuyamba ndi kalasi limodzi. Chiyambire maphunziro aulere a pulaimale mu 1994, makalasi ambiri a m'dziko lino ndi odzaza. Mwana aliyense sangakhale ndi mnzake wolemberana naye. Nkwabwino kuti kalasi lonse lilembe kalata imodzi pa bolodi, mwana wa dzanja labwino aikopere pa pepala, ndipo mphunzitsi aijambule ndi foni nkuitumiza pa WhatsApp kapena pa imelo pamene wapeza netiweki. Kalata imodzi pa mwezi, yosaphonya, iposa makalata makumi awiri a sabata loyamba otsatidwa ndi chete.

V. NTCHITO ZITATU ZOSAFUNA NDALAMA

Yoyamba ndiyo ya mthunzi. Ana aimike ndodo ya mita imodzi pa bwalo losalala, ndipo ayese mthunzi wake pamene wafupikitsitsa, dzuwa lili pa liwombo. Anzao achite chimodzimodzi tsiku lomwelo. Pakati pa Disembala mthunzi wa ku Thambani sufika masentimita 15, pamene wa ku Edinburgh umatalika pafupifupi mamita 5. Kumayambiriro kwa Novembala ndi kwa Febuluwale mthunzi wa kuno umatsala pang'ono kuzimirira, chifukwa dzuwa limadutsa pamutu penipeni, chinthu chimene sichichitika konse ku Scotland. Anzaowo adzanenanso kuti kwao usana umatalika maola 17 mu Juni ndi kufupika mpaka maola 7 mu Disembala. Mwana amene wayesa yekha zimenezi sadzaiwala kuti dziko ndi lozungulira ndiponso lopendekeka.

Yachiwiri ndiyo ya mvula. Chitini cha m'mbali moongoka chiikidwe poyera, kutali ndi denga ndi mitengo. M'mawa uliwonse ana ayese kuya kwa madzi ndi rula, alembe mamilimita, nataye madziwo. Pakutha pa mwezi aonkhetse, natumize. Anthu a chigawo cha kumwera amene adaona namondwe Ana mu Januwale 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023 ali ndi zambiri zophunzitsa anzao pa za kusintha kwa nyengo, ndiponso pa za ubwino wa nkhalango ya Thambani posunga nthaka ndi akasupe.

Yachitatu ndiyo ya nachesi. Mwanza adatchuka ndi manachesi. Ana alondole ulendo wa chipatso chimenechi: kufesa, kumezanitsa, kuthyola, mtengo wa dengu pa munda ndi mtengo wake pa msika ku Blantyre. Anzao alondole chakudya china cha kwao. M'ntchito imodzi yomweyi muli ulimi, masamu ndi Chingerezi, ndipo mlimi wa m'mudzi amene sadapite patali ndi sukulu amasanduka mphunzitsi wa ana a maiko awiri.

VI. MBUNA ZOYENERA KUZILEWA

Choyamba ndi chitetezo cha ana. Lamulo la dziko lino losamala ndi kuteteza ana, la chaka cha 2010, liika udindo pa aliyense wosunga mwana. Makalata onse adzere kwa aphunzitsi. Mwana asapereke nambala ya foni kapena dzina lake lonse. Chithunzi cha mwana chisatumizidwe makolo asanavomere, ndipo mwana asajambulidwe m'njira yomunyazitsa pofuna kukopa chifundo. Mlendo akabwera kudzacheza, asatsale yekha ndi mwana.

Chachiwiri ndi ndalama. Ngati abwenzi afuna kuthandiza, komiti ndiyo inene chosowa, ndalama zilowe ku akaunti ya sukulu yosainidwa ndi anthu oposa mmodzi, ndipo malisiti awerengedwe pa msonkhano wa makolo. Tambala imodzi yosoweka ingaphe ubale wa zaka zambiri, niipitsa mbiri ya sukulu zoyandikana nazo. Mphatso yosayenera, monga makompyuta pa sukulu yopanda magetsi, nkwabwino kuikana mwaulemu isananyamuke.

Chachitatu ndi nsanje ya maulendo. Ulendo wa pa ndege si cholinga cha ubale, ndipo maubale ambiri abwino alibe ulendo. Mwai ukapezeka, wopitayo asankhidwe poyera, chifukwa cha ntchito yake, ndipo pobwera afotokoze zimene waphunzira.

VII. GAWO LA MAKOLO NDI AKATEKISITI

Akatekisiti amafika m'midzi imene kalata ya sukulu siifika. Iwo afotokozere makolo kuti ubale si ntchito yogawa katundu, ndi kutinso ana sagulitsidwa pamene alemberana ndi alendo, pakuti mphekesera zotere zimauka msanga pamene anthu sadauzidwe bwino. Agogo aitanidwe ku sukulu kukasimba nthano, miyambi ndi mbiri ya mudzi, kuti ana akhale ndi chopereka. Kupatsa nkuika: sukulu imene ipereka nzeru zake mokhulupirika idzalandira nzeru za ena, ndipo mwana wa ku Thambani adzakula akudziwa kuti ali ndi kanthu koti aphunzitse dziko.

MAFUNSO OKAMBIRANA

1. Kodi ubale wa sukulu usiyana bwanji ndi kupempha thandizo?

2. Ndi zinthu zitatu ziti za ku Thambani zimene ana a dziko lina angakonde kuzidziwa?

3. Chifukwa chiyani ntchitoyi isasiyidwe m'manja mwa mphunzitsi mmodzi?

4. Kodi makolo ayenera kufunsa chiyani asanalole kuti mwana wao ajambulidwe?

5. Nanga ubale ndi sukulu ya ku Mozambique ungayambe bwanji m'teremu ikudzayi?