Masamba Awiri a Qur'an a ku Selly Oak

Selly Oak ndi dera lina la mumzinda wa Birmingham m'dziko la England. Kuderali kunali sukulu zingapo zaukachenjede zophunzitsa za zipembedzo. Pakati pa chaka cha 1924 ndi 1929, katswiri wa zilankhulo dzina lake Alphonse Mingana anayenda maulendo atatu ku Middle East kukasonkhanitsa mabuku akale olembedwa pamanja. Amene anapereka ndalama za maulendowo anali Edward Cadbury, wa banja lopanga chokoleti ku Bournville. Mabukuwo, omwe alipo oposa 3,000, anasungidwa ku Selly Oak kwa zaka zambiri. Lero ali m'manja mwa University of Birmingham.

M'gulu la mabukuwo munali masamba awiri a Qur'an, buku lopatulika la Asilamu. Masambawa si a pepala, koma a chikopa cha nyama. Palembedwa ndime za m'sura ya 18, ya 19 ndi ya 20, m'kalembedwe kakale ka Chiarabu kotchedwa Hijazi. Kwa nthawi yaitali palibe anazindikira kufunika kwake, chifukwa anasokedwa pamodzi ndi masamba a Qur'an ina. Mayi wina wochita kafukufuku, Alba Fedeli, atawayang'anitsitsa anaona kuti zilembo zake n'zosiyana ndi za masamba enawo. Paja akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kachidutswa ka chikopacho kanatumizidwa ku Oxford kuti kakapimidwe. Chamoyo chilichonse chimakhala ndi kaboni wa mtundu wina m'thupi mwake. Chikafa, kaboniyo amayamba kuchepa pang'onopang'ono. Akatswiri akayeza amene watsala, amadziwa nthawi imene chamoyocho chinafa. Mu 2015 analengeza kuti nyama imene inapereka chikopacho iyenera kuti inafa pakati pa chaka cha 568 ndi 645. Mtumiki Muhammad anamwalira mu 632. Choncho masambawa ali m'gulu la zolembedwa zakale kwambiri za Qur'an padziko lonse.

Asilamu ambiri a ku Birmingham anakondwa ndi nkhaniyi, ndipo anapita kukaona masambawo. Komabe ophunzira anachenjeza kuti makina amapima chikopa, osati inki. Chikopa chikhoza kusungidwa kanthawi chisanalembedwe. Motero nzeru za makina ziyenera kuyendera limodzi ndi nzeru za anthu odziwa zilembo ndi mbiri. Mutu umodzi susenza denga.

Masambawa anajambulidwa ndi kuikidwa pa intaneti. Mwana wa ku Mangochi kapena ku Nkhotakota angathe kuwaona pa foni popanda kukwera ndege, ndipo chikopa chenichenicho sichiwonongeka ndi manja a anthu. Uwu ndi ubwino wa luso lamakono. Koma foni yomweyo imabweretsanso mauthenga abodza, ena onamizira kuti ndi mawu a chipembedzo.

Vuto la mabodza si lachilendo kwa ophunzira a Chisilamu. Kalekale iwo anakonza njira yofufuzira nkhani za Mtumiki, zotchedwa Hadith. Mmodzi wa iwo anali al-Bukhari, yemwe anabadwa mu 810 ndi kumwalira mu 870. Asanalandire nkhani, ankafufuza amene anainena, amene anamuuza, ndiponso ngati anthuwo anali okhulupirika ndi osaiwalaiwala. Nkhani yokayikitsa ankaisiya. Njira imeneyi ndi yothandiza ngakhale lero. Wolandira uthenga pa foni ayenera kufunsa kumene wachokera asanautumize kwa ena.

N'chifukwa chake madrasa sanathe ntchito. Foni ingathandize mwana kumva kawerengedwe kabwino ka Qur'an, koma mphunzitsi ndiye amamva pamene lilime la mwana laphonya, namukonza moleza mtima. Amamuphunzitsanso ulemu ndi khalidwe. Chida ndi chabwino chikakhala m'manja mwa munthu wanzeru.

Matanthauzo a mawu
Sura: chigawo cha Qur'an.
Madrasa: sukulu yophunzitsa za Chisilamu.
Kafukufuku: ntchito yofufuza zoona za chinthu.

Yankhani mafunso awa
1. Kodi Alphonse Mingana anagwira ntchito yanji?
2. Kodi masamba awiriwa analembedwa pa chiyani?
3. Fotokozani mmene akatswiri amadziwira nthawi imene nyama inafa.
4. N'chifukwa chiyani kupima chikopa kokha sikukwanira?
5. Kodi al-Bukhari ankachita chiyani asanalandire nkhani?

Ntchito
M'magulu, kambiranani mafunso atatu amene munthu ayenera kudzifunsa asanatumize uthenga wa pa foni kwa anzake. Lembani mafunsowo m'makope mwanu, ndipo mukawawerengere makolo anu kunyumba.