Kusambira Mosamala: Mafunso ndi Mayankho kwa Anthu a ku Kaunda Square

1. Kodi ana a m'makomboni a Lusaka amasambira kuti?

Popeza mzinda wa Lusaka ulibe nyanja, ana ambiri amasambira m'maenje amene anthu ophwanya miyala anasiya, omwe amadzaza mvula ikayamba mu Novembala, monga damu la Ngwenya ku Misisi. Pansi pa maenjewa mposalingana, moti mwana amene waima pamwala, madzi akumulekeza m'mawondo, akangosuntha phazi limodzi amapezeka ali pakuya.

2. Nanga madamu a ku Kaunda Square ndi osambiramo?

Ayi, chifukwa madamuwa amalandira madzi a m'zimbudzi, omwe amasungidwamo kuti zonyansa zidikhe ndi kuwola mothandizidwa ndi dzuwa komanso tizilombo tosaoneka ndi maso. Munthu akameza madzi otere akhoza kudwala kolera, matenda otsekula m'mimba amene anavuta mu Lusaka mu 2017 ndiponso mu 2023, mpaka bwalo la National Heroes Stadium linasandutsidwa malo ogonekamo odwala.

3. Kodi likodzo limalowa bwanji m'thupi?

Tinyongolotsi ta likodzo timakulira mu nkhono za m'madzi odikha, ndipo tikatulukamo timaboola khungu la munthu amene akusambira, ngakhale asanamwe madziwo. Mwana amene akukodza magazi apite naye kuchipatala, kumene amapereka mankhwala a praziquantel.

4. Kodi madamu omangidwa ndi simenti alibe vuto?

Madamu osambirira, monga la pamalo ochitira masewera a OYDC, amathiridwa klorini, mankhwala opha tizilombo, koma kloriniyo sapha tizilombo tonse nthawi yomweyo, choncho wotsekula m'mimba asalowemo. Ngati pansi pa damu sipakuoneka bwino, madziwo sakusamalidwa mokwanira.

5. Nanga opita ku nyanja ya Kariba asamale chiyani?

Ku Siavonga, m'mbali mwa nyanjayi, kuli ng'ona ndi mvuu, motero mlendo asalowe m'madzi asanafunse eni dera, ndipo woledzera asayandikire n'komwe.

6. Kodi munthu akamamira athandizidwe bwanji?

Womira kawirikawiri sakuwa, chifukwa amakhala akulimbana ndi mpweya, n'chifukwa chake wamkulu woyang'anira ana sayenera kuchotsa maso pamadzi. Wosadziwa kupulumutsa anthu asadumphiremo, koma aponye chingwe, mtengo wautali kapena chigubu chotseka bwino. Wovuulidwayo, ngakhale aoneke kuti watsitsimuka, apite naye kuchipatala, monga cha Levy Mwanawasa, popeza madzi olowa m'mapapo amatha kuyambitsa vuto la kupuma patapita maola angapo.