Makolo Athu Nawonso Amafuna Ocheza Nawo

Anzanga a m'makalabu, timakamba kwambiri za ife achinyamata, koma makolo athu timawaiwala.

Mayi anga atawapeza ndi kachilombo ka HIV anasiya kupita kudimba. Ankangodzitsekera m'nyumba, nsima osadya, tulo osagona. Chinkawadya ndi nkhawa. Ma ARV ndi aulere m'zipatala za boma kuyambira 2004, koma mankhwala okha sachotsa nkhawa. Munthu wankhawa amadumphitsa kumwa, ndipo kachilombo kamatha kusiya kumva mankhwala.

Zinawathandiza ndi zinthu ziwiri. Choyamba, ndinawaperekeza ku gulu lothandizana la anthu omwe ali ndi kachilombo, longa magulu a NAPHAM. Kumeneko anapeza amayi anzawo ouzana nawo zakumtima. Chachiwiri, Lamulungu masana timatuluka banja lonse, kukaonera mpira pabwalo la sukulu kapena kukacheza kwa agogo. Sizilira ndalama ayi. Lero mayi akuseka, kudimba anabwerera.

Mukamva makolo akukamba zodzipha, musabise. Uzani mlangizi wa zaumoyo tsiku lomwelo.

Kambiranani pa kalabu:
1. Tingadziwe bwanji kuti makolo ali ndi nkhawa?
2. Sabata ino tipita nawo kuti?