Usipa ndi matemba: musataye mitu

Usipa wa m'nyanja ya Malawi ndi matemba a ku Chilwa ndi nsomba za banja limodzi. Abale awo ena ndi mpasa, sanjika ndi ntchila, pomwe chambo ndi utaka n'za mtundu wina. Mpasa, nsomba ija imakwera mtsinje wa Bua kukaswa, masiku ano ndi yosowa, ndipo ikapezeka mtengo wake umaboola m'thumba. Ntchila ndiye ana ambiri sanaionepo n'komwe. Zimene zimafika m'mbale mwathu ndi tiabale tawo tating'onoti, choncho tiyenera kudziwa kutisamala.

Nkhani imayambira pamsika. Tengani usipa umodzi muuthyole. Wouma bwino umathyoka kuti thyo. Ukamapindika ndiye kuti udakali ndi chinyezi, ndipo suchedwa kuchita nkhungu. Pukusani pang'ono m'manja kuti mumve ngati muli mchenga, pakuti woyanika pathandala umakhala woyera kuposa woyanika pansi. Onaninso pansi pa mulu. Mukapeza fumbi lambiri ndi nsomba zobooka mimba, tizilombo talowamo kale. Fungo la mankhwala likamveka, siyani ngakhale akutsitsireni mtengo. Mufunsenso ngati ndi wofutsa kapena wongoyanika: wofutsa adauviika m'madzi otentha asanauyanike, ndipo kawirikawiri suwawa ngati winawo.

Kuwawa kwa usipa kumachokera m'mimba, m'ndulu ndi m'matumbo. Koma m'makomo ambiri timadula mutu ndi mimba pamodzi n'kuponyera nkhuku. Apa ndi pamene pamandimvetsa chisoni, chifukwa m'mutu, m'maso ndi m'minga ndi mmene muli zambiri zolimbitsa mafupa, zoonjezera magazi ndi zothandiza maso. Chambo timachotsa minga n'kudya mnofu wokha, koma tinsomba iti timadya tathunthu, ndipo ubwino wake wagona pomwepo. Tsinani pamimba ndi chala, chotsani zakudazo, mutu usiyeni. Ngati a pakhomo panu sakonda mitu m'ndiwo, iduleni koma muisonkhanitse. Ikazingeni mopanda mafuta mpaka iume gwa, muisinje mu mtondo woyera, musefe bwino kuti pasatsale kaminga. Supuni yaing'ono ya ufa umenewu muithire m'phala la mwana amene wakwanitsa miyezi 6, phalalo lidakali pamoto kuti zipsere limodzi. Mayi woyembekezera ndi woyamwitsa nawonso aziwaza ufawu m'ndiwo zamasamba.

Pophika, viikani nsombazo m'madzi ofunda kwa mphindi zochepa, kenaka muzivuule ndi manja. Musakhuthule madzi nsomba zili momwemo, mchenga umatsalira pansi. Mukatsuka kawiri zakwana. Kuviika nthawi yaitali kumasukulutsa kukoma. Kazingani m'mafuta pang'ono mpaka zifiire, onjezani anyezi, kenaka tomato. Mchere ulaweni kaye, poti ena amathira kale poyanika. Musatakase kwambiri, zimaphwanyika. Mafuta akasowa, tenderani ndi nsinjiro, ndipo matemba otendera amayenda bwino ndi nsima ya mgaiwa.

Matemba sapezeka mofanana chaka ndi chaka. Nyanja ya Chilwa ndi yosaya ndipo imaphwa, monga zidachitikira mu 1968 ndi mu 1995. Usipa nawo umakwera mtengo mwera ukamaomba, asodzi akalephera kulowa m'madzi usiku ndi nyali zawo. N'chifukwa chake ndi bwino kugula wochuluka pamene watsika. Mukafika nawo kunyumba uyanikeninso pa lichero tsiku lathunthu, muuleke uzizire, ndipo muusunge m'chigubu chouma chotseka bwino, pamwamba posafika makoswe. M'jumbo umachita thukuta n'kuvunda. Pakatha sabata ziwiri zilizonse uonetseninso dzuwa, makamaka m'dzinja. Mankhwala osungira chimanga musawayandikize ku nsomba ngakhale pang'ono, chifukwa kutsuka sikuwachotsa onse.